Sola yathu ndi mfutso wa Amai

Mwaswela bwanji nonse? Imvani za kuno ku Luembe.

Sola ija munatitumizila inasiya kutchaja masiku atatu apitawa. Atate akhala akumasula mawaya n'kumanganso, wofiila uku, wakuda uko, mpaka batile inathetheka n'kuwawaula ndevu.

Lelo taitana a Tembo okonza magetsi, achoka ku Nyimba pa njinga yamoto. Ayesa mawaya onse, apeza ali bwinobwino. Atakwela padenga tangomva munthu akufa nacho chiseko.

Abale, sola yonse yaphimbidwa ndi thumba, pamwamba pake mfutso wa chibwabwa, timiyala m'makona kuti mphepo isauluze!

Ndawafunsa Amai. Akuti, "Galasi limenelo limatentha bwino, ndipo nkhuku sizifikako. Dzuwa ndi la Atate anu okha?"

A Tembo ati achotse, Amai akana kwamtuwagalu. "Sunaume, dikilani mailo. Umenewo ndi wa ana anga a ku Lusaka."

Ndiye inu a ku Lusaka, yankhani msanga foni yangayi isanazime. Tichotse ndiwo zanu, kapena Atate apitilize kupsa ndevu?