Misuku ya Mayi Faines

Mayi Faines Nabanda sadziwa kulemba dzina lawo, ndipo sindikunena izi powanyoza. Ine wodziwa kulemba, amene ndaphunzitsa zaka makumi awiri kuno kwa Dzoole, ndine amene ndinatsala pang'ono kuchititsa mudzi wonse manyazi ndi cholembera changa.

Ndi mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, wolima soya ndi mtedza ngati wina aliyense. Ana amawadziwa ndi chinthu chimodzi: ukangotola suku m'mphepete mwa manda, kumunsi kwa phiri, amangotulukira osadziwika komwe achokera, n'kukulanda. Ife tinkati ndi nkhanza za ukalamba basi.

Chaka chatha kunabwera kampani ina yofuna kuphwanya miyala paphiri lathu. Inkafuna msewu wa malole, ndipo njira yachidule inali yodzera pamisuku ija. Amuna a komiti ya mudzi tinapita kukaona malowo ndi bambo Gabriel, woyeza malo wa kampaniyo. Mitumbira ndi ziliza zonse zinali mkatikati, m'mphepetemo munali mitengo yokhayokha. Bambo Gabriel analemba kuti ndi tchire lopanda ntchito, natilonjeza mjigo. Ndinasaina ine monga mlembi, ndipo ndine ndemwe ndinanyamula chitini cha penti yofiira, kupaka mitengo yoti igwe. Panalibe mmodzi mwa ife amene anaganiza zofunsa amayi.

Tsiku lodula mitengo tinawapeza mayi Faines atakhala pansi pa msuku woyamba, miyendo atatambasula. Kumbuyo kwawo kunali amayi a mudzi wonse.

"Mayi, pepala linasainidwa kale," anatero bambo Gabriel mwaulemu. "Mbali ino kulibe manda."

"Anakuuzani ndani, bambo?"

"Abambo a m'mudzi muno."

"Abambowo adziwa bwanji? Amakhalapo?"

Kwathu kuno mwana akabadwa wakufa, kapena akamwalira m'masiku oyambirira asanatuluke m'chikuta, timati nthayo, ndipo amuna sitipita kumaliro ake. Amayi achikulire okha ndiwo amamunyamula mwakachetechete n'kukamuika m'dzenje losaya, popanda bokosi, nyimbo kapena mtumbira. Nkhani yake siikambidwanso. Mwambowu tinkaudziwa tonse, koma amuna anzeru zathufe sitinadzifunsepo kuti anawo amagona pati.

Mayi Faines akhala akugwira ntchitoyi kwa zaka makumi anayi. Palibe anawatuma, koma nthawi iliyonse akakwirira mwana ankaponyapo nthangala za masuku, ndipo zikapanda kumera ankabwerera kukabzala zina. Tsikulo anadzuka, namanga chitenje chawo bwinobwino, n'kuyamba kuyenda. Ankagwira mtengo uliwonse ndi chikhatho.

"Uwu ndi wa Nasoko, chaka cha njala yaikulu ija. Iwiri iyi ndi ya Grace, anali mapasa. Uwu ndi wanga."

Mayi aliyense akatchulidwa ankatuluka m'gulu n'kukaima pamtengo wake. Ena anali okalamba oyenda ndi ndodo, ena anali atsikana amene ndinawaphunzitsa ndekha. Panalibe wolira. Mayi Faines sanazengereze kapena kusokoneza dzina ngakhale limodzi. Ndinawerenga mpaka mitengo makumi anayi, kenaka ndinaleka chifukwa ndinachita mantha. Sindinaonepo munthu wosunga anthu ochuluka chotero m'mutu mwake, ndipo mpaka lero ndikakumana nawo panjira ndimapatuka ndi ulemu umene sindipereka ngakhale kwa abusa.

Anyamata odula mitengo anali atatsitsa kale makina awo pansi. Mayi Faines anafika pa kamsuku kondilekeza m'phewa, kumapeto kwenikweni, naima.

"Uwu ndi wa Iness."

Iness ndi mkazi wanga. Papita zaka zisanu ndi zinayi chibwerere iye kuchipatala cha Mtengowanthenga wopanda mwana m'manja, ndipo ine ndinachita monga amachitira amuna, sindinafunse kanthu. Anadutsa pafupi nane osandiyang'ana, nakaima pakamtengoko. Pathunthu pake panali penti yofiira ija.

"Anali wamwamuna, aphunzitsi," anatero mayi Faines motsitsa mawu. "Mphumi yake inali yanuyo."

Bambo Gabriel anavula chipewa, napinda pepala lija n'kuliika m'thumba. Msewu anaukhotetsa, ukuzungulira kuseri kwa phiri, ndipo mjigo sitinauone. Amayi akutungabe madzi kuchitsime chakale, koma sindinamve ngakhale mmodzi akudandaula.

Anthu atabalalika ndinagwada pakamsuku kaja n'kuyamba kukanda pentiyo ndi chikhadabo. Mayi Faines anandigwira dzanja.

"Musakande, aphunzitsi, mumupweteka khungwa. Mvula idzachotsa yokha."