Injiniya Amene Tinamutuma Kuluka Tsitsi

Lachisanu lapitali kwa Mayi Nkhoma ku Al Sadd, kuno ku dziko la Aluya, komwe Amalawife timakumana tikapuma ntchito, kunabwera mlendo. Dzina lake Tadala. Mnzathu wina anangomumva akulankhula Chichewa pafoni mu sitima ya metro, basi n'kumukokera kwathu.

Asanamwe n'komwe tiyi, Mayi Nkhoma anayamba mafunso athu a masiku onse.

"Mwanawe, madam wako amakupatsa off? Pasipoti akusunga ndani? Yalla, tiye nena, usaope."

Tadala anazengereza, kenako ananena motsitsa mawu kuti ndi injiniya, amapanga tizipangizo ta m'ndege. Anationetsa chithunzi cha kanthu kongokwana m'manja. M'kati mwake amakulungamo ulusi wagalasi woonda ngati tsitsi, ndipo kuwala kumathamanga mu ulusiwo mbali zonse ziwiri. Ndege ikapendekeka pang'ono, kuwala kwa mbali imodzi kumachedwerapo, kachipangizoko n'kudziwa. Motero diso la ndege silichoka pa chimene yalunjika, ngakhale mphepo iigwedeze. Chomusowetsa tulo n'kukachepetsa kanthuko popanda kuyamba kuphonya.

Bambo wina, mlonda wa ku Al Duhail, anadzuka pampando.

"Khalani apa, abwana."

Nkhope ya mtsikanayo inagwa, ndipo ine mtima unandiwawa. Munthu wabwera kudzafuna abale m'dziko la eni, ife tikumusandutsa bwana.

Kodi timatero chifukwa chiyani? Mnzathu akavutika timadziwa kumuzungulira. Akaphunzira timamutalikira, ati ndi ulemu. Chonsecho timati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kapena mwambiwu umathera pa sitandade 8?

Anatipulumutsa ndi Mayi Nkhoma omwewo.

"Abwana ake ati? Khalas, basi! Iwe Tadala, ngati umakulunga ulusi osaduka, bwera undiluke tsitsili, mawa ndili pa shift."

Tadala anavula nsapato n'kugwira chipeso. Abale inu, mizere yake! Yokhotakhota ngati njira ya mbuzi. Mayi Nkhoma atadziona pagalasi anagwira kukamwa.

"Ndege umailunjikitsa, mutu wanga wakukanika?"

Tinaseka mpaka misozi, koma woseka kwambiri anali Tadala. Anatsuka nafe mbale, akutsutsana ndi mlonda uja za mpira, ndipo potuluka anafunsa yekha ngati Lachisanu likubwerali abweretse mandasi. Ndinabwerera kwanga ndikuimba.

Nanga inu, mwana wa kwanu wophunzira kwambiri uja, munamutuma liti komaliza?