Laisensi ya Mbuzi

Ndikati ndiwakumbukire ambuya anga aTikambenji, chimayamba kundifika m'mphuno ndi fungo la nthochi zovundika losakanizika ndi utsi wa dizilo komanso matayala otentha. Nyumba yathu inali pafupi ndi msewu waukulu ku Nyimba, ndipo kuseri kwake kunali dzenje lomwe ambuya ankaunjikamo mikoko ya nthochi, n'kuifunditsa masamba ndi dothi, kenako n'kumauzira utsi pakabowo mpaka maso awo kufiira, uku akutukwana nkhuni kuti n'zaziwisi. Kukacha tinkasenza malichero, ambuya patsogolo, amayi pakati, ine pambuyo, kukakhala pamalo poima mabasi ndi malole a ku Lusaka. Kumeneko tinkaswera tsiku lonse tikuthamangira mawindo, fumbi lili m'mano, dzuwa likuwotcha paliwombo.

Ambuya anali munthu wosauzidwa. Pakamwa pawo panali poopsa, moti wogula akayerekeza kunena kuti nthochi n'zazing'ono, ankamuyankha kuti akadzale zake ku Lusakako aone ngati zingabereke pa simenti. Koma anali ndi anthu amodzi omwe sankawanyoza: madalaivala. Masiku amenewo ufulu unali udakali wachilendo, phula litangothiridwa kumene, chipani chitatsala chimodzi, ndipo m'masitolo sopo ndi shuga zinkabwera mwa apo ndi apo. Dalaivala yekha ndiye ankatsika m'lole atanyamula zonsezi, chipewa chili chammbali, n'kuitanitsa nkhuku yathunthu. Ambuya ankawayang'ana anthu amenewa monga momwe ena amayang'anira ansembe.

Bambo anga anapita kumigodi ine ndili kumsana, osabweranso. Choncho mwamuna wa pakhomo anali amalume aWedisoni, mlongo wa amayi, mwana wotsiriza wa ambuya. Ankagwira ntchito pa lole ya a Mumba, dalaivala wachikulire wa m'dera lathu. Ntchito yawo inali kukweza matumba, kuthira madzi mu injini, ndi kudumpha pachikweza kukaika chipika kuseri kwa tayala. Amalume anali munthu wansangala, wokonda kuimba mluzu, ndipo ndinkawakonda kwambiri chifukwa ankandibweretsera maswiti okhala ndi fungo la girisi. Sanali munthu woipa. Anali wopupuluma basi.

Amalume atapita ku boma ku Petauke kukayesedwa udalaivala, ambuya anavala chitenje chatsopano n'kuwaperekeza. Mayeso ake anali apoyera, anthu ataunjikana ngati pa mpira. Woyesedwa ankayenera kubweza lole chammbuyo pakati pa migolo, kenako kukaimika pachikweza n'kunyamukanso osabwerera. Ulendo woyamba amalume anagunda migolo, wina n'kugubuduka mpaka kukalowa m'munda mwa eni ake. Ulendo wachiwiri migolo anaidutsa, koma pachikweza lole inabwerera m'mbuyo, anthu n'kubalalika, iyo n'kukaima m'ngalande. Ambuya anabwerako atakwiya, osati ndi mwana wawo ayi, koma ndi woyesayo.

"Migolo, migolo," ankatero uku akuponya nthochi zowola kwa nkhuku. "Kuchoka pano kufika ku Lusaka munaonapo migolo pamseu?"

A Mumba anabwera kudzakhala pakhonde pathu Lamulungu lina masana, chipewa chili pabondo.

"Amai, mwana uyu manja ali nayo, koma mtima ukali othamanga," anatero. "Mulekeni ankhaleko pambali panga chaka china. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono siyendetsa lole, a Mumba," anayankha ambuya. "Mufuna chabe akalambile pa masaka. Muyopa kuti azakulandani nchito."

A Mumba anavala chipewa chawo n'kutsazika bwinobwino. Amayi, omwe anali munthu wofatsa kwambiri, anayesa kulankhulako madzulo ake tikusenda nyemba, koma ambuya anawafunsa ngati anaberekapo mwana wamwamuna. Nkhani inathera pomwepo.

Tinali ndi mbuzi yofula, yonenepa, yomwe tinkasungira Khirisimasi. Tsiku lina m'mawa ambuya anaimanga chingwe n'kuikoka kupita nayo kwa a Daka, wapampando wa chipani m'dera lathu, munthu yemwe ankadziwa zitseko zonse za ku boma ndi momwe zimatsegukira. Ambuya ankaganiza kuti akuchita mwachinsinsi, koma mbuzi siyenda mwakachetechete. Inalira njira yonse, kudutsa pachitsime, kudutsa pachigayo, ndipo aliyense wopenya anaona komwe inalowa. Mwezi usanathe amalume anabwera ndi laisensi, osapitanso kukakumana ndi migolo. Mmwenye wina wa sitolo anawapatsa lole yoti aziyendetsa.

Ambuya anatsala pang'ono kuuluka. Amalume akamachokera ku Chipata ankayamba kuliza hutala adakali kutali, ndipo ambuya ankadzuka pakati pa amayi anzawo ogulitsa nthochi, n'kukonza duku, n'kunena kuti, "Uyo ni wanga." Lole inkabwera ili pakati pa msewu, dzanja limodzi la amalume lili panja, nkhuku ndi apanjinga akuthawira m'tchire. Amayi enawo ankangoyang'anizana. Kumbali pepala la amalume ankalitchula kuti laisensi ya mbuzi, ndipo ana anzanga kusukulu ankandifunsa ngati mbuziyo inkadziwa kusintha magiya. Ndinamenyana nawo kangapo chifukwa cha mawu amenewa.

Ndiye kunamveka kuti kukubwera wamkulu wa chipani ku Petauke, ndipo khomo lililonse la ogulitsa pamsewu lipereke mayi mmodzi wokavina. Wokana ankadziwa kuti malo ake ogulitsira atha. Nthochi za ambuya zinali zitapsa zonse pamodzi sabata imeneyo, motero anati iwo atsala, apite amayi. Achipani anabweretsa malole awiri, ya a Mumba ndi ya amalume.

Mmawa umenewo ndimaukumbuka bwino, ngakhale ndikanakonda kuuiwala. Kunali kamphepo kozizira, amayi ambiri atavala zitenje zofanana, ng'oma zikuyesedwa pamoto wa mapesi. Popanda wonena kanthu, onse anathamangira lole ya a Mumba mpaka inadzaza, ena atapachikika m'mbali. Ya amalume inali ndi ng'oma ndi amayi ochepa okha omwe anachedwa. Amalume anaima pakhomo la lole yawo akuseka, koma kuseka kwake kunali kwa munthu wochita manyazi. Amayi anga anali atakwera kale ya a Mumba, ataima kukona, akundikodola kuti ndibwerere kunyumba.

Ambuya anatula lichero pansi n'kupita pomwepo kukauza amayi kuti atsike.

"Esinala, seluka."

"Amama, nakwela kale."

"Nati seluka. Anthu azakamba chani akaona mlongo wake weniweni amuthawa? Ufuna kumuchititsa nsoni pamaso pa anthu onse aba?"

Amayi anayang'ana a Mumba, a Mumba anayang'ana pansi. Kenako anatsika pang'onopang'ono, atagwira chitenje kuti chisakodwe, n'kukakwera lole ya mlongo wawo. Poona zimenezi, achipani anayamba kukankhira amayi ena komweko kuti malole afanane. Amayi anga anandiuza kuti ndisaiwale kuanula ufa mitambo ikachita bii. Amenewa ndiwo mawu omaliza omwe ndinamva kuchokera pakamwa pawo.

Zomwe zinachitika tinazimva kwa opulumuka. Atayandikira mphambano ya ku Minga, amayi a m'malole awiriwa anayamba kupikisana nyimbo, ndipo amalume, mtima udakali wowawa ndi zam'mawa zija, anafuna kuonetsa kuti iwonso ndi dalaivala. Anapitirira a Mumba pamalo otsetsereka, kutsogolo kuli kamlatho kopapatiza. Anati asinthe giya, giya inakana kulowa, lole n'kuyamba kuthamanga yokha. Anaponda mabuleki mochedwa ndiponso mwamphamvu, lole inatembenuka n'kukhuthulira anthu onse m'miyala ya mumtsinje wouma. Ovulala anawanyamula a Mumba kupita nawo kuchipatala ku Minga. Amayi anga ndi anzawo ena sanafike n'komwe kumeneko. Amalume anatuluka ndi bala laling'ono pachipumi.

Uthenga unatipeza pamsewu dzuwa litapendeka, ambuya akukangana ndi wogula. Sanalire nthawi yomweyo. Anakhala pansi pafumbi, miyendo atatambasula, n'kumangofunsa wobweretsa uthengayo kuti, "Lole iti?" Anawauza, iwo n'kufunsanso.

Pamaliro anthu ankatipepesa ndi mawu aja akuti chakudza sichiimba ng'oma. Ndinali mwana, koma mawuwa ankandipsetsa mtima, chifukwa ichi chinaimba ng'oma mudzi wonse ukumva. Panalibe amene akanatha kunena zimenezi pamaso pa ambuya, kupatula anungwe. Kwathu kwa Ansenga anungwe ndi anthu a mfunda wina omwe amaika maliro athu, ifenso timaika awo. Iwo ndiwo amasambitsa mtembo, kukumba manda ndi kuphika, ndipo mwambo umawalola kutinyoza ndi kutiseka ngakhale maliro ali m'nyumba. Ukawakwiyira, wolakwa ndiwe.

Titabwerako kumanda, anthu atakhala pabwalo, mayi wina wa anungwe dzina lake aZelipa anatuluka kuseri kwa nkhokwe akukoka mnzake ndi chingwe m'khosi. Mnzakeyo ankakwawa, akulira ngati mbuzi. AZelipa anamukokera pamaso pa ambuya, n'kukhala pa mtondo, n'kutenga lichero la nthochi kuligwira ngati chiwongolero.

"Odi ku boma," anatero. "Nabwela na dalaivala wanga. Migolo saidziba, chikweza sachidziba, koma onani mafuta yake. Mupatseni pepala ayende akapaye anthu, ife tiziika maliro."

Nthawi zonse anungwe akachita zawo anthu amaseka, ngakhale misozi ili m'maso. Tsiku limenelo sanaseke ndi mmodzi yemwe. A Daka anadzuka n'kupita kuseri ngati akukataya madzi. Akuluakulu ena anayamba kukodola aZelipa kuti aleke, poopa pakamwa pa ambuya, ndipo inenso ndinadikira kuti bwalo liyaka moto. Ambuya anakweza mutu, maso atatupa, n'kuyang'ana mayi wokwawa uja nthawi yaitali.

"Alekeni," anatero ndi mawu otsika. "Mbuzi inali yanga."

Sindinawamveponso akulankhula za nkhaniyi mpaka kumwalira kwawo. Apolisi anabwera, anaona laisensi ya amalume, anapeza kuti ili bwinobwino, chidindo chili pamalo pake. Mlandu unagwera mabuleki. Amalume sanathe kukhalanso ku Nyimba, anapita ku Kitwe, ndipo patapita nthawi tinamva kuti apeza ntchito yoyendetsa basi ndi pepala lomwe lija. Chimenechi chimandiwawa mpaka lero kuposa zina zonse.

Ndinakula m'manja mwa ambuya, ndipo sindinganame kuti zinali zophweka. Masiku ena ndinkawada, ndikawaona akudya, akupuma, amayi anga ali kudothi. Iwo ankadziwa. Ankandisambitsa, kundipesa tsitsi, kundidzutsa kupita kusukulu, osandiyang'ana m'maso. Pamsewu sanasiye kupita, pakuti njala sidziwa maliro, koma anasiya kuthamangira mawindo. Ankakhala kumapeto kwa mzere, msana atalozetsa kuphula, ndipo wogula akanyoza nthochi ankangomuwonjezera ina.

Nditasankhidwa kupita kusekondale ku Chipata, anandiperekeza kukakwera basi atanyamula sutikesi yanga pamutu. Ndinalowa, ndinapeza malo, n'kusuzumira pawindo kuti nditsazike, koma sindinawaone. Anali atazungulira kutsogolo, ataima pansi pa windo la dalaivala, mnyamata wovala magalasi akuda.

"Mwana wanga, anakuyesa ndani?"

"Mwati bwanji, ambuya?"

"Nati anakuyesa ndani? Migolo unapita? Pachikweza unaima?"

Basi yonse inaseka. Kondakitala anati gogoyu akufuna ntchito ya upolisi. Ine ndinabisa nkhope m'manja chifukwa cha manyazi. Koma ambuya sanasunthe, dzanja lawo linali pachitseko, mpaka mnyamatayo anavula magalasi n'kuwauza komwe anayesedwa, ndiponso kuti ulendo woyamba analephera, anakhoza wachiwiri. Apo m'pomwe anachotsa dzanja.

"Uyu ni mwana wa mwana wanga," anatero. "Nilibe wina."

Anachita zimenezi teremu iliyonse mpaka miyendo inawakana. Madalaivala anawazolowera, ena ankayamba okha kuyankha asanafunsidwe.

Lero ndine wamkulu kuposa momwe amayi anga anafikira, ndipo ndili ndi adzukulu anga. Sindinganene kuti ambuya ndinawakhululukira tsiku lakutilakuti. Zinangosungunuka pang'onopang'ono, mwina sizinathe zonse. Koma funso lawo ndinalitenga. Ndikamakwera basi ya ku Nyimba ndimayamba ndapita pawindo la kutsogolo, ana anga akundikoka chitenje kuti ndikuwachititsa manyazi, n'kufunsa kuti anakuyesani ndani. Ambiri amaseka n'kundiyankha. Ena amakwiya, koma amayankhabe. Alipo ena amene amayang'ana kumbali, n'kuyamba kupukuta galasi loyera kale. Akatero ndimatsitsa katundu wanga, ndi ana omwe, n'kudikira basi ina.