Khomo la Pambali la Mayi Ndowa

Mayi Ndowa anatisiya mwezi watha, ndipo akulu a mpingo anandipempha kuti ndilembe mawu abwino okhudza moyo wawo. Abwinowo ndilemba, pakuti alipo ambiri. Koma enawo sindiwabisa.

Dzina lawo lenileni ambiri sitinavutikepo kulifunsa. Anakulira kuseri kwa tchalitchi chakale, mwana wa mlonda wa pamalopo, ndipo pofika zaka zisanu ndi zitatu anali atayamba kale kukolopa m'tchalitchimo Loweruka lililonse. Ndowa inkatsala pang'ono kuwaposa msinkhu, anthu n'kuwapatsa dzinalo, ndipo linawakakamira mpaka imvi. Sanaimbepo m'kwaya, sanasankhidwepo m'komiti iliyonse. Ankangoti, "Mulungu amayang'ananso pansi pa mabenchi, ndiye ine ndimayambira pomwepo."

Anakwatiwa ndi dalaivala wa lole, amene anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo akadali kumsana. Mwanayo anadwala ali ndi zaka zinayi, miyendo n'kufa. Anakula, anaphunzira kusoka nsapato, ndipo theka la mpingo uno limavala nsapato zimene zinadutsa m'manja mwake. Tchalitchi chakale chinali ndi masitepe asanu ndi awiri. Ali wamng'ono mayi ake ankamubereka n'kulowa naye, koma atakula msana unawakanika. Kwa zaka makumi awiri ankapemphera ali panja pa chikuku chake, mayi ake atatsegula zenera pang'ono kuti mawu azimufika. Ife m'katimo tinkang'ung'udza kuti zenera likulowetsa mphepo.

Denga lakale litayamba kugwa, tinagwirizana zomanga tchalitchi china ndi manja athu. Tinayamba m'nyengo yachisanu, chifukwa ndi pamene mmisiri wa mumpingo mwathu amakhala wopanda ntchito zina. Tsiku loyamba tinabwera anthu oposa zana, tinajambulitsa titagwira mafosholo. Pofika sabata yachitatu, madzi atayamba kuundana m'migolo, otsala anali asanu ndi awiri. Ine sindinali mmodzi wa iwo.

Mayi Ndowa anamupeza mmisiriyo akuwerenga pepala la mapulani.

"Amisiri, papepalapo pali polowera chikuku?"

"Palibe, mayi. Komiti ikufuna masitepe aatali kutsogolo, akuti ndiwo amapatsa nyumba ulemu."

"Nanga kumbali?"

Mmisiri anakanda mutu. "Kumbali ndikhoza kuika khomo ndi kanjira kotsetsereka. Koma konkire ndi chisanu sizimwerana madzi. Ikaundana isanaume imafumbutuka ngati buledi wogona. Imafuna madzi otentha posakaniza, kenako kuifunditsa masiku asanu."

"Madzi ndi ntchito yanga kuyambira kale," anatero iwo.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankasonkha moto pansi pa mgolo n'kumatuta madzi otentha kupita nawo posakanizira simenti. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri. Zala zinang'ambika mpaka kumadontha magazi pachogwirira cha ndowa, iwo n'kungozikulunga ndi nsanza. Owumba njerwa ankawaseka kuti akuphikira khoma tiyi. "Likamwa lidzalimba kuposa inu," ankawayankha choncho, moto n'kusonkhezera.

Tsiku lothira konkire ya kanjirako, lona lalikulu lofunditsira linali litatengedwa. A wapampando wa komiti analamula kuti likafunde masitepe akutsogolo. Dzuwa likupendeka, kuzizira kukuluma kale makutu, Mayi Ndowa anapita kunyumba n'kuyalula mabulangete awo awiri pabedi, n'kutenganso jasi limene amuna awo anasiya, kuti akafunditse kanjirako.

"Amayi, nanga inu mufunda chiyani?" anafunsa mwana wawo.

"Ine ndinauma kale, mwananga. Yanthete ndi konkire ija."

Anakana bulangete la mwanayo, ndipo sanauze wina aliyense. Masiku asanu atakwana mmisiri anavundukula kanjirako, kali kosalala, kopanda mng'alu ngakhale umodzi. Tsiku lachisanu ndi chimodzi Mayi Ndowa anawagoneka m'chipatala ndi chibayo.

Anatuluka ali ofooka, koma tsiku lotsegulira tchalitchi anavala bwino n'kukankha okha chikuku mpaka pakhomo la pambali. Linali lokhoma. Kuseri kwake anali ataikako kabati ya mikanjo ya kwaya, chifukwa panalibe pena poiika, komanso akuti khomolo linkalowetsa mphepo kumene amakhala akuluakulu.

"N'zakanthawi chabe, mayi," anatero a wapampando, maso ali kwa alendo. "Tikamanga chipinda chosungira katundu tidzatsegula."

Mazenera atsopano ndi okongola, koma ali m'mwamba ndipo satseguka. Tsiku limenelo mwanayo sanamve ngakhale liwu limodzi. Mayi ake anatembenuza ndowa n'kukhalapo pambali pake, panja. Atamva m'manja mukuwombedwa m'katimo, iye anafunsa kuti kukuchitika chiyani. "Akuthokoza amene anagwira ntchito," anamuyankha, ndipo nawonso anawomba m'manja.

Chaka chonse chotsatira Mayi Ndowa anakapempha katatu kuti khomolo litsegulidwe, katatu konseko mogwada ndi mawu ofatsa. Sanatukwane, sanasiye kukolopa, ngakhale chifuwa sichinawasiyenso. Ankakolopa mpaka pansi pa kabatiyo. Ine zimandipsetsa mtima kuti kufatsa kwawoko n'kumene kunatipatsa danga loiwala.

Chisanu chitabweranso anagona osadzukanso bwino. Anamwalira masana, kadzuwa kakuwala pakhoma, mwana wawo akusoka nsapato pambali pa bedi. Anapemphera naye pemphero la Ambuye mpaka kumapeto, kenako anati, "Ukamuuze mmisiri akaone ngati kanjira kaja sikanang'ambike." Anatseka maso ngati munthu amene wamaliza ntchito yake.

M'mawa wa maliro, masitepe aulemu aja anali ataundana, oterera ngati galasi. Onyamula bokosi anaima pansi pake n'kuyang'anana. Wina anakumbukira kuti kumbali kuli khomo. Kiyi anapezeka nthawi yomweyo, kabati inasunthidwa nyimbo imodzi isanathe, ndipo Mayi Ndowa analowa pakanjira kawo. Pambuyo pa bokosi panabwera chikuku. Mwana wawo analowa m'nyumba ya Mulungu koyamba pa zaka makumi awiri ndi chimodzi, kudzamva abusa akulalikira za kudzichepetsa kwa mayi ake. Tinalira kwambiri, ndipo kulira timakutha.

Lolemba lake kabati inabwezedwa pamalo pake. Lamulungu lapitali wosoka nsapato anali panja, atafunda jasi la bambo ake limene likadali ndi madontho a simenti. Akulu anandiuza kuti nditsirize ndi chitsanzo chimene mayiwa atisiyira. Chitsanzocho chili kumbali kwa tchalitchi, chosalala, chopanda mng'alu. Ndipo kabati ija, tonse tinaona ndi maso athu, amuna awiri okha amainyamula.