Tirigu Wokana Feteleza

Titasamukira ku Evington, ku England, tinapeza nyumba ya kadimba kumbuyo, ndipo kuseri kwa mpanda kunkakhala mkulu wina wachingerezi yemwe ankalima udzu. Ndikunena zoona. Ine ndinakulira m'munda wa chimanga, udzu ndimaudziwa. Iwo ankati ndi tirigu wamakedzana, yemwe makolo awo aja amawatchula kuti Anglo-Saxon ankamudya kale, mbatatesi isanafike kuno. Nditalawa buledi wake ndinamvetsa chifukwa chake anthuwo ankakonda nkhondo.

Miyendo itayamba kuwakana mkulu uja, ana awo anawapezera malo kunyumba yosamalira okalamba ku Braunstone. Tsiku losamuka anandiitanira pampanda n'kundipatsa botolo la jamu lodzaza njere. Anati mbewuyo aisunga zaka zambiri, kubzala ndi kukolola chaka ndi chaka, chifukwa ikangokhala m'botolo imafa. Ana awo akanaitaya m'bini. Ina analibe.

"Mumwaze mu Okutobala, kenako muisiye," anatero. "Chonde musaidyetse kanthu."

Ndinavomera ndi mutu, mumtima ndikuseka. Mzungu andiphunzitse ulimi ine? Kwathu feteleza tinkamuimira pamzere tsiku lonse padzuwa, amayi atabisa kuponi m'kamisolo. Thumba limodzi tinkagawana mabanja awiri, kuthira kwake ndi kachitsekero ka botolo. Kuno ali mbwee m'sitolo, palibe wokufunsa chitupa. Ndiye ndione mbewu ikutuluka m'nyengo yozizira ili yachikasu ngati mwana wodwala, ine n'kungopinda manja? Ndinathira wokulitsa. Patapita milungu ingapo ndinathiranso wobereketsa, mosaumira.

"Mayi, inu ndinu nesi," anatero amuna anga atasuzumira pawindo. "Kuwodi dozi mumaiwerenga kawiri. Apa bwanji mukuovadoza?"

Ndinawayankha kuti munthu amene anaumitsa duwa la m'bafa asalowerere nkhani za alimi.

Tirigu uja anakula, abale. Anandipitirira msinkhu, ali biriwiri. Ndinamujambula n'kutumiza zithunzi pagulu la amayi a kutchalitchi kuti nsanje iwapweteke pang'ono. Ndiye Lamulungu lina mu Julaye, tili m'mapemphero, kunagwa mvula yamphepo. Pobwera ndinapeza yense wagona pansi ngati mphasa. Mapesi anali atatalika mopitirira muyezo, ofewa, osatha kunyamula ngala zake. Ndinayesa kumudzutsa ndi timitengo ndi zingwe monga timachitira ndi tomato, koma ayi ndithu. Mvula inagwa sabata yonse, ngala zinachita chuku, ndipo nkhunda zonenepa za kuno zinabwera kudzadya maliro.

Ndinalira, osati pang'ono. Manyazi anandigwira kuposa chisoni. Ndinagwada m'matope kusankha ngala imodziimodzi, n'kukaziyanika pawindo la kukhitchini. Nditazifikisa m'manja ndi kupeta, njere zabwino zinangophimba pansi pa kapu.

Ndinazengereza milungu itatu, kenako ndinakwera basi ya ku Braunstone, kapu ili m'chikwama. Ndinawapeza mkulu uja atakhala pampando pafupi ndi windo, ataonda. Ndinayamba n'kunamizira nyengo ya ku England, yomwe savuta kuinamizira. Iwo anakhuthulira njere zija padzanja n'kumazitembenuza ndi chala.

"Anatalika bwanji?" anafunsa.

"Kundipitirira ine."

"Munamudyetsa."

"Eya, bambo. Kawiri."

Anaseka mpaka kutsokomola. Ine kuseka kunandikanika. Ndinawauza kuti atenge zotsalazo akapatse munthu wina wodziwa kumvera, ine ndalephera. Anabwezera njere m'kapu pang'onopang'ono, osagwetsa ndi imodzi yomwe, n'kundigwiritsa kapuyo m'manja onse awiri.

"Ndikapatse ndani, mayi?" anatero. "Kuno kulibe dothi, ndipo wobwera kudzandiuza za tirigu ndinu nokha."