Atelala Akana Mkanjo wa Mwana wa Mfumu

"Ndiye ufumuwo akuupereka kwa mwana wobereka yekha? Alongo ake analibe ana?"

Akufunsa chonchi ndi atelala oyandikana nafe kuno ku Mbamba Bay, mapini ali kukamwa. Iwowa sasoka chovala asanadziwe mtundu wa mwini wake. Ngakhale kabudula, amayamba afunsa kuti malume ako ndani.

Nditabwerako ku yunivesite ya Makerere ndinati nditsegule anthu maso ndi sewero la Azungu pasukulu pomwe ndimaphunzitsa. M'seweromo mkulu wa asilikali wa ku Skotilandi amapha mfumu ili m'tulo, kenako mwana wa mfumuyo amadzatenga mpando. Ndinawapatsa atelalawo nsalu ya mkanjo wa mwanayo, sewero lili Loweruka. Nditawafotokozera nkhaniyo, m'pamene anafunsa funso lija.

Ndikanangokhala chete, koma maphunziro amayabwa. Ndinawauza kuti mabuku a mbiri satero. Mfumuyo inafera kunkhondo, ndipo masiku amenewo ufumu unkasinthana pakati pa nthambi za banja, sunkangotsikira kwa mwana. Woiphayo analamulira zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Atelala aja anaimitsa makina.

"Basi Askotiwo anali anthu olongosoka, mwalimu. Wosokoneza ndi wolemba seweroyo. Ine ndisokere mkanjo mwana wolanda za eni? Bweretsani wa msilikaliyo, ndiuika ndi mabatani omwe."

Ndinachonderera kuti n'zongosewera. Anati za ufumu saseweretsa, n'kundibwezera nsalu yanga ataipinda bwinobwino.

Ndinadzera paduka la Mmwenye n'kugula singano imodzi ndi ulusi wofiira. Ndinafika nazo kunyumba ndisanadziwe kuti mkono wa mkanjo amayambira pati.