Kadazi Kuseri kwa Khutu

Loweruka, pakati pa Julyu, kwathu ku Zobwe

Ndinadzuka ndi mantha omwewo amene ndinabwera nawo kuchokera ku Beira. Kunja kunali nkhungu yoti ngakhale phiri silimaoneka, ndipo ndisanasukusule n'komwe ndinayamba ndamanga duku. Chifikireni sindinavule duku pamaso pa munthu. Kuseri kwa khutu langa lakumanzere tsitsi linathothoka, panatsala kadazi kosalala ngati pachikhatho, ndipo ndimadziwa kuti amene angakaone adzafunsa mafunso. Mayankho ake ndi amene akanandiletsa kubwerera kusukulu mwezi wamawa.

Zopita ku Beira ndinasankha ndekha. Sekondale ndinamalizira ku Moatize, komwe ndinkakhala kwa achimwene anga a Domingu, amene amalondera pamalo a anthu ofufuza malasha. Zotsatira zitatuluka zoti ndapeza malo ku univesidade, kukaphunzira uphunzitsi, achimwene anasangalala mpaka anagula nkhuku. Abambo sanasangalale msanga. Pamudzi pathu pali mnyamata wina, Antoniyo, amene anapita kukaphunzira ku Tete n'kubwerako akulankhula yekha. Anthu amati mabuku anamuwononga mutu, ndipo mpaka lero amaweta mbuzi za amalume ake. Tsiku limene ndinagwada pakhonde kupempha kuti andilole, abambo anati, "Pita. Koma ndikadzangomva kuti mutu wayamba kukuvuta, ndidzabwera kudzakutenga tsiku lomwelo." Ndinaseka, chifukwa nthawi imeneyo ndinkaona ngati zoterozo zimagwera anthu ena.

Beira inandilandira ndi kutentha komata m'thupi komanso udzudzu. Ku nyumba yogona ophunzira anandipatsa chipinda chimodzi ndi Mwanasha, mtsikana wachisilamu wa ku Nampula, wamtali, woseka mokweza. Atangomva Chipwitikizi changa ananditcha Malawiyana. Ndinamuuza kuti ndine wa ku Tete, iye n'kundifunsa kumene ndinabadwira. Ndinayenera kuvomera kuti ndinabadwira kumsasa wa othawa nkhondo ku Mwanza, ndipo tinabwerera kuno ndili wamng'ono nkhondo itatha. Dzinalo linakhazikika, linafika mpaka m'kalasi. Mwanasha sankanena mwankhanza, koma ena ankanena mwankhanza. Mnyamata wina anandifunsa pagulu kuti n'chifukwa chiyani alendo akudya malo a eni dziko.

Ndalama zinali zochepa. Zimene achimwene ankatumiza zinkathera pa mapepala a maphunziro ndi sopo, choncho Loweruka ndi Lamlungu ndinkatsuka mbale pa baraka ina pafupi ndi doko, pomwe ogwira ntchito m'sitima amadyera nsomba. Manja ankanunkha nsomba mpaka Lachiwiri. Ndikakhala m'kalasi ndinkawabisa pansi pa tebulo.

Kwathu kulibe lamya, koma pamsika wa Zobwe pali bambo wina wogulitsa mchere amene ali nayo, ndipo Lamlungu lina lililonse amayi ankadikira pamenepo akachoka kutchalitchi. Ndinkawauza kuti ndili bwino, ndikudya bwino, nyanja ndi yaikulu. Iwo ankandiuza za kabichi ndi za amene wamwalira. Tikamaliza ndinkakhala pa masitepe a nyumba yathu yogona osadziwa chimene ndikulirira.

Pofika mwezi wachitatu tulo tinasowa. Ndinkawerenga tsamba limodzi kambirimbiri osatolapo kanthu. Chakudya sindinkachifuna. Mayeso oyamba ndinalephera, ine amene ku Moatize sindinkatsika pa atatu oyambirira. Kenako m'mawa wina ndikupesa, tsitsi linatsalira m'chipeso lambiri, ndipo Mwanasha ndi amene anayamba kuona kadazi kaja. Sanaseke. Anandiuza kuti pasukulupo pali mayi wina, Dona Ameliya, amene ntchito yake ndi kumvetsera ophunzira amene mtima wawalemera, amati pisikologa. Ndinakana, ndinati ine si wamisala. Iye anati, "Malawiyana, ine ndimapitako Lachitatu lililonse. Ndikuoneka wamisala?" Ndinamuyankha kuti pang'ono. Anandigenda ndi pilo, ndipo mawa lake anandikoka dzanja mpaka pakhomo la mayiyo.

Ndikakumbukira ulendo woyamba uja ndimachita manyazi. Nditalowa ndinagwada pakhomo monga timachitira kwa akuluakulu, Dona Ameliya n'kudzidzimuka kuganiza kuti ndakomoka. Anandikhazika pampando woyang'anizana ndi wawo, maondo athu pafupifupi kugundana, n'kumandiyang'ana m'maso. Anandifunsa kuti ndili bwanji, ine ndinati ndili bwino. Anafunsa za tulo, ndinati tili bwino. Ulendo wachiwiri zinali chimodzimodzi. Iwo ndi a ku Maputo, ndipo kwawo mwina mwana amatha kuyang'ana munthu wamkulu m'maso n'kumuuza za mumtima. Ine ndinkangoyang'ana pansi.

Chimene ndimawathokozera n'chakuti sanandione ngati wamwano, ndipo sanatope nane. Anandifunsa kuti kwathu mwana akafuna kuuza munthu wamkulu chinthu chovuta amakhala pati. Ndinati pambali, kapena pansi, koma osati maso ndi maso. Anati zikomo, zimenezo sanawaphunzitse kusukulu kwawo. Anatembenuza mipando yonse iwiri kuti iyang'ane pawindo, pomwe panali mtengo wa kokonati, ndipo tinakhala ngati anthu odikira chapa, minibasi ya kwathu kuno. Tsiku limenelo ndinalankhula mpaka nthawi inatha. Ndinanena za mnyamata wonditcha mlendo uja, za nsomba, za Antoniyo, za mawu a abambo pakhonde.

Ananditumiza kuchipatala kukayezetsa magazi, komwe anandipatsa mapiritsi owonjezera magazi n'kundiuza kuti tsitsi limatha kuthothoka munthu akakhala ndi nkhawa nthawi yaitali, ndipo kawirikawiri limameranso. Dona Ameliya anandilowetsanso m'gulu la Lachitatu. Mmenemo munali anthu amene sindikanakhala nawo pamodzi kwina kulikonse. Munali mtsikana wa ku Lichinga amene anasiya mwana kwa amayi ake, mnyamata wa ku Gaza amene bambo ake anali msilikali ndipo mpaka lero salola kuti chitseko chitsekedwe, ndi wina wa mumzinda momwemo amene ankabwera pagalimoto yakeyake. Ameneyu ndinkamuda, mpaka tsiku limene analira chifukwa makolo ake anasiyana ndipo aliyense ankamutuma kukanyoza mnzake. Dona Ameliya ankalola munthu kuyamba m'chilankhulo chake mawu akakana kutuluka m'Chipwitikizi, kenako n'kutifotokozera. Ndinamva Chimakuwa, Chishangana ndi Chisena zikunena zinthu zimene sindinkamva mawu ake koma ndinkazidziwa. Tikamaliza tinkakangana kuti nyemba za kusukuluko zimaphikidwa kapena zimangoviikidwa.

Tulo tinayamba kubwerera, osati tonse. Maphunziro ndinakhoza kupatula limodzi, limene ndiyenera kubwereza. Tisanatsekere, Dona Ameliya anati tidzapitiriza ndikabwerera, koma akufuna kuti kwathu ndikapeze munthu mmodzi woti adziwe. Ndinati iwo sakuwadziwa abambo anga. Anavomera kuti sakuwadziwa.

Basi yaikulu, imene timati machimbombo, itawoloka mlatho wa Tete, ndinatsikira ku Moatize n'kukhala kwa achimwene masiku angapo, ndikunamizira kutopa. Tawuniyo yasintha. Magalimoto oyera a anthu a malasha ali ponseponse, ndipo aliyense akukamba zoti midzi ina idzasamutsidwa. Alamu anga anandiseka kuti kodi ku Beira ndinakalowa Chisilamu, poti duku silichoka ngakhale dzuwa la ku Moatize likuwotcha chotero. Ndinaseka nawo. Kenako ndinakwera chapa ya ku Zobwe, ndipo pamene msewu unayamba kukwera mapiri ndi mphepo yozizira kulowa pawindo, ndinalakalaka galimotoyo itawonongeka.

Lero dzuwa litatuluka, amayi anayala mphasa kuseri kwa nyumba n'kundiitana kuti andiluke. Anati mawa ndi Lamlungu, ndipo sangalole kuti mwana wawo wa ku univesidade akalowe m'tchalitchi atamanga mutu ngati wamasiye. Ndinati kukuzizira. Anati kuzizira sikunayambe lero. Ndinati ndidzalukitsa kwa anzanga. Anangondiyang'ana, chipeso chili m'manja, ndipo ndinakhala pansi pakati pa miyendo yawo.

Anamasula duku okha. Anayamba kupesa chakumanja, akundiuza za mtengo wa feteleza ndi za nkhumba ya a neba imene inalowa m'dimba. Atafika kumanzere chipeso chinaima. Ndinamva chala chawo chikuzungulira pang'onopang'ono pamalo posalala paja.

"Zinayamba liti?"

Ndinawauza zonse, ndikuyang'ana nkhuku zimene zinkatola pafupi ndi nkhokwe. Ndinanenanso za Dona Ameliya ndi ntchito yawo. Pomaliza ndinawapempha kuti asawauze abambo, chifukwa akangomva sindibwereranso.

Amayi anaika chipeso pansi. Anagwira dzanja langa, analikweza kumbuyo n'kulilowetsa pansi pa duku lawo, pamwamba pa khosi. Pamenepo tsitsi linali lonse, koma lofewa mosiyana ndi linzake.

"Langa linali apa," anatero.

Ndinkadziwa kuti ndinali ndi mkulu wanga, Rozita, amene anamwalira ku Mwanza ine ndisanabadwe. Dzina lake limatchulidwa pa Misa ya akufa basi. Zimene sindinkadziwa n'zakuti atamuika, amayi anasiya kulankhula dzinja lathunthu. Ankakhala pakhomo la kanyumba kaudzu kumsasako osaphika, osasamba, tsitsi likugwa. Anthu anati apenga. Abale a abambo anauza abambowo kuti abweze amayi kwa makolo awo, apeze mkazi wina, poti akazi opanda amuna analipo ambiri. Amayi akuti abambo ndi amene ankakaima pamzere wa ufa pakati pa azimayi, akusekedwa, n'kumakatunganso madzi. Madzulo ankakhala pambali pawo akusoka matumba, n'kumawauza nkhani zopanda pake za amene wakangana ndi ndani pamjigo. Sanawakakamizepo kuyankha.

Ndinafunsa kuti nanga anayamba bwanji kulankhula. Amayi anaseka pang'ono n'kunena kuti tsiku lina abambo anathira mchere kawiri m'ndiwo, ndipo iwo analephera kupirira, anawafunsa ngati akufuna kupha anthu.

"Ndiye ukuti ndisawauze bambo ako? Iwe, munthu ameneyu sukumudziwa."

Anandiluka mizere yopita chakumanzere, yophimba kadazi kaja mwaluso moti nditayang'ana pagalasi sindinakaone. Atamaliza ananyamula chakudya kupita nacho kudimba, komwe abambo akukumba mbatata ya kachewere. Anachedwa kubwerako. Ine ndinasesa pabwalo posesa kale.

Abambo anabwera dzuwa likupendeka, khasu paphewa, matope mpaka m'maondo. Ndinawapatsa madzi osamba m'manja. Anakhala pampando wawo pakhonde, ine pansi chapambali. Anayamba ndi kudandaula za nkhumba ija. Kenako anafunsa ngati phunziro limene ndinalephera amalola kubwereza, ndinati eya. Anafunsa ngati tsopano ndimagona, ndinati masiku ambiri. Anafunsa ngati mayi wa ku Beira uja amalipiritsa, ndinati ayi, ndi wa sukulu. Anagwedeza mutu, akuchotsa matope pachala ndi kamtengo. Anati Antoniyo akanapeza munthu wotero mwina bwenzi pano akuphunzitsa ana, ndipo iwo ankaopa kuti ndikadwala kutaliko ndidzakhala ndekha m'chipinda popanda wondipatsa ngakhale madzi.

"Mayi ameneyo amadya mbatata?"

Ndinati ndikuganiza kuti amadya.

"Ndiye udzamutengere thumba. Ndi mnzako wamwano wa m'chipinda uja umugawireko."

Ndinadzuka msanga. Ndinalowa m'khitchini ngati ndikukasonkhezera moto, amayi n'kunena kuti utsi wa lero ndi woipadi, ukuliza anthu.

Ndikulemba izi kukadali kowala pang'ono, manja akuzizira. Ndakhala miyezi yonseyi ndikuopa nyumba ino, ndikuganiza kuti zimene zinandigwera ku Beira ndi zachilendo kuno. Chonsecho anthu awiri amene ndinkawabisira anadutsamo kale, m'kanyumba kaudzu, m'dziko la eni, popanda Dona Ameliya aliyense. Amayi anali ndi abambo. Ndakhala ndikudzifunsa kuti nanga abambo anali ndi ndani, poti Rozita anali mwana wawonso, ndipo iwo ndi amene anakumba manda ake.

Mawa tikachoka kutchalitchi abambo akuti apita kudimba kukaona ngati nkhumba yabweranso. Ndipita nawo. Ndikawafunsa kuti Rozita ankaoneka bwanji, ndipo akakhala chete ndidikira.